Phulusa Pamphumi, Njala M'mimba

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mwambi umenewu umamveka bwino pa Lachitatu la Phulusa, tsiku limene Akatolika amayamba Lenti, nyengo ya masiku 40 yokonzekera Pasaka.

Ku Lobi, kumapiri a Dedza, tsikuli limapeza mvula ili pakati, pakuti limagwa mu February kapena kumayambiriro kwa March. Wansembe amadzuka kusanache. Phulusa limene amadalitsa limachokera ku masamba a kanjedza amene akhristu ananyamula chaka chatha pa Lamulungu la Kanjedza. Misa ya m'mawa ikatha, Abambo amalowera ku matchalitchi a m'midzi, misewu ili matope okhaokha. Kumene alephera kufika, akatekisiti ndiwo amapaka anthu phulusalo. Masiku otsatira sapuma: kulapitsa, kudzoza odwala, kuika maliro, kuyenda Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse, ndi kukonzekeretsa amene adzabatizidwe usiku wa Pasaka.

Komatu chovuta chenicheni si matope ayi. Lamulo la Mpingo limati pa tsiku la Phulusa ndi pa Lachisanu Loyera wamkulu adye chokhuta kamodzi kokha, ndiponso asale nyama Lachisanu lililonse la Lenti. Tsono February ndi mwezi wa njala. Chimanga chimakhala chikungomasula ngayaye, nkhokwe zambiri zili pululu, ndipo mabanja ena amadya kamodzi kuchokera mu January, ufa wake wopeza paganyu. Nyama anailawa pa Khirisimasi. Kodi munthu wotere angauzidwe chiyani za kusala kudya?

Ena amati ndi bwino Abambo angoisiya nkhaniyi, asamachititse manyazi anthu osauka. Maganizo amenewa ndi achifundo, koma ndi operewera. Mutchalitchi momwemo mumakhalanso aphunzitsi olandira malipiro, ogulitsa m'sitolo, ndi alimi amene anapindula ndi kachewere ndi nyemba. Ulaliki wa kusala uyenera kulunjika kwa amenewa, ndipo usathere pa mimba yawo. Ufa umene sunaphikidwe masana ukangobwerera m'thumba, kumeneko ndi kusunga chabe, osati kusala. Uyenera kutuluka pakhomo, ukafike kwa mayi wamasiye amene mphakati ukumudziwa ndi dzina.

Mbiri ikuchitira umboni. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, ansembe anawerenga m'matchalitchi kalata ya maepiskopi yodzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndipo dziko linagwedezeka. M'chaka cha 2002 Lenti inayamba njala yoopsa ili pachimake, anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi. Wansembe amene akanangolalikira za kusala nyama nthawi imeneyo akanafanana ndi woimba ng'oma pamudzi wopanda anthu.

Nawonso akhristu asaiwale kuti Abambo ndi munthu. Mafuta a ulendo sagwa ndi mvula, ndipo mutu umodzi susenza denga. Amene sangathe kupereka ndalama angathe kukonza mlatho, kapena kuperekeza Abambo kwa wodwala.

Adzukulu aphunzire kwa agogo aakazi, amene ankasakaniza phulusa ndi nyemba kuti mbewu isafumbwe. Phulusa la pamphumi limachoka ndi madzi a madzulo. Ngati silinasunge moyo wa mnansi kufikira nthawi ya mondokwa, ndiye kuti linangodetsa nkhope.