"Koma mayi, ndikufuna yaing'ono"

Mukamaiona pa TikTok kapena pa YouTube, njoka yotchedwa boa imakhala ngati chiweto chosavuta kuposa zonse. Siuwa usiku, siba nsomba pamoto, sifukula mbewu m'dimba la aneba. Ndiye sindikudabwa kuti achinyamata ena muno mu Mzuzu ayamba kufunsa funso lomwe agogo athu akadalimva akadaitanitsa mapemphero: kodi ndingawete njoka? Msuweni wanga wina wa Fomu 3 ali m'gulu limeneli, ndipo mayi ake atakana, mfundo yake yamphamvu inali yomwe mwaiwerenga pamutupo.

Mfundoyo si yachibwana. Kukula kwa njoka ndi nkhani yeniyeni, ndipo amene akufunadi boa ayambire pomwepo. Kungoti mwa mafunso onse omwe banja liyenera kudzifunsa, limeneli ndiye losavuta kuyankha.

Poyamba tisasokoneze boa ndi nsato. Zonse zilibe ululu, zimapha nyama poizenga ndi kuifinya, koma ndi mabanja awiri osiyana. Nsato imaikira mazira pomwe boa zambiri zimabereka ana amoyo. Nsato yathu ija, ya m'madambo ndi m'mapiri muno, ikakula imafika mamita 4 mwinanso kuposa. Boa m'tchire la Malawi mulibe. Zambiri kwawo ndi ku America, zina ku Madagascar, ndipo zapafupi ndi ife ndi timitundu tokhala mumchenga ku Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania.

Msampha uli pa boa constrictor, yomwe ndi yotchuka m'mavidiyomo. Imabadwa ili pafupifupi theka la mita, kokongola, kokwana m'dzanja. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi yadutsa mamita awiri, ndipo zazikazi zina zimafika mamita atatu. Pamenepo mbewa siikwananso, ikufuna makoswe akuluakulu kapena akalulu, ndipo khola lake latalika ngati bedi. Oweta njoka amalangizana kuti njoka ya msinkhu umenewo osaigwira uli wekha m'nyumba. Wogulitsa akakuuzani kuti "imakula malinga ndi khola", dziwani kuti akufuna ndalama zanu basi. Njoka ya m'khola lopanikiza siileka kukula, imangodwala.

Nanga zing'onozing'onozo ndi ziti? Mayina ake ndi a Chingerezi, poti kuno sitinakhale nazo kuti tizitche athu.

Kenyan sand boa ndiyo yaifupi pa zonse zomwe anthu amakonda kuweta. Yaimuna nthawi zambiri sipitirira masentimita 45, yaikazi imafika 60 mpaka 80. Ndi yonenepa, ya mtundu wa lalanje kapena wachikasu ndi mawanga oderako, mutu wake ngati nsonga ya khasu lotha. Imadzikwirira mumchenga n'kusiya maso okha kunja kudikira mbewa idutse. Khola lotalika masentimita 60 mpaka 90 limaikwanira moyo wake wonse. Vuto lake ndi lomwelo la kudzikwirira: masiku ambiri mukasuzumira m'kholamo mudzangoona mchenga. Mwana amene amafuna chojambulitsa nacho pa Instagram atopa nayo sabata ziwiri zisanathe.

Rosy boa ndi ya m'zipululu za California, Arizona ndi kumpoto chakumadzulo kwa Mexico. Ili ndi mizere itatu yoyambira kumutu mpaka kumchira, imatalika masentimita 60 mpaka 90, imayenda pang'onopang'ono ndipo imadziwika ndi kufatsa. Imaonekerako kuposa inzake ija, koma ndi katswiri pothawa. Chivindikiro chikangokhala ndi kampata, m'mawa mudzapeza khola lili pululu.

Palinso ziwiri zomwe ogulitsa amazitcha zazing'ono koma ine ndimakana. Hog Island boa, ya ku tizilumba ta Cayos Cochinos ku Honduras, ndi yaing'ono pokhapokha mukaiyerekeza ndi boa constrictor, chifukwa imatha kufika mita ndi theka kapena kuposerapo. M'zaka za m'ma 1980 anthu anaigwira kwambiri kukagulitsa kunja mpaka inatsala pang'ono kutha kwawoko. Dumeril's boa ya ku Madagascar ndi yofatsa ndithu, koma imayandikira mamita awiri, ndipo ili pa mndandanda wa nyama zotetezedwa kwambiri pa malonda a pakati pa maiko. Ziwirizi zisiyeni.

Ndiye mukandipanikiza kuti ndisankhe imodzi, ndinena Kenyan sand boa yaimuna yobadwira m'khola, osati yogwidwa kutchire. Funso la kukula lathera pamenepo. Tsopano tibwere ku Mzuzu.

Njoka sipanga kutentha m'thupi mwake ngati ine ndi inu. Imadalira malo omwe ili. Sand boa imafuna mbali imodzi ya khola ikhale pa madigiri 32 kapena kuposerapo pang'ono, mbali ina ikhale yozizirirako kuti izisankha yokha. Tsono ganizirani Juni ndi Julayi wa kuno, usiku kutentha kukutsika pansi pa madigiri 10, ife eni ake tikugona ndi masokosi ndi chipewa. Njoka yozizidwa imalephera kugaya chakudya, imasanza, kenako imadwala m'mapapo. Pamafunika kamphasa kotenthetsa ka magetsi pansi pa khola, pamodzi ndi thermostat yoletsa kutentha kupyola muyeso, apo ayi njoka imapsa pamimba ili chigonere. Ndipo magetsi akazima maola angapo, monga tonse tikudziwira kuti amatero, mukufunika batire kapena sola. Botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu lingathandize usiku umodzi. Mbaula ayi, utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha ndi anthu omwe.

Onjezani chinyontho. Zonse ziwiri, sand boa ndi rosy boa, ndi za malo ouma, pomwe kuno mvula imachedwa kusiya ndipo zovala zimachita nkhungu zili m'wadilobu. Rosy boa makamaka sigwirizana nacho chinyontho. N'chifukwa china sindinaisankhe.

Chakudya ndiye chimaseketsa mpaka utaganiza bwino. Boa sidya zotsala za nsima kapena usipa. Imadya mbewa yathunthu, yaing'ono kamodzi pa sabata, ikakula kamodzi pa masiku 10 mpaka 14. Wina anena kuti ku Malawi mbewa si vuto, paja zimagulitsidwa zili pa mpani m'mbali mwa msewu. Zimenezo ndi zowiritsa ndi zamchere, ndi ndiwo za anthu. Za kutchire zamoyo zimabwera ndi nyongolotsi ndi nthata, ndipo khoswe wa m'nyumba mwina wadya kale mankhwala omwe aneba anatchera, n'kupha njoka yanuyo. Ku Johannesburg kapena ku London amangolowa m'sitolo n'kugula mbewa zoumitsa mufiliji. Ife kuno njira yodalirika ndi kuweta mbewa zoyera tokha. Kutanthauza kuti amene akufuna njoka imodzi akhala akuwetanso mbewa, kuzidyetsa, kuchotsa fungo lake, kuzipha, n'kuzisunga mufiliji. Filiji yake iti? Yomwe mayi amasungamo chambo ndi mafilizesi ogulitsa? Kambiranani zimenezo njoka isanafike pakhomo.

Pa za ukhondo palibe nthabwala. Njoka, abuluzi ndi akamba amanyamula tizilombo ta salmonella ngakhale akuoneka athanzi, ndipo timayambitsa kutsegula m'mimba koopsa. Bungwe loona za matenda la ku America, CDC, limalangiza kuti nyumba zomwe muli ana osakwana zaka 5 zisawete nyama zoterezi, ndipo limachenjezanso okalamba ndi omwe chitetezo cha m'thupi chatsika. Nyumba zathu zambiri zili ndi onse atatuwo.

Kenako lamulo. Malawi analowa mu mgwirizano wa CITES mu 1982, ndipo mtundu uliwonse wa boa uli pa mndandanda wa mgwirizanowu. Choncho ngakhale kanjoka ka masentimita 20 sikangadutse malire popanda mapepala: chilolezo cha dziko lomwe ikuchokera, komanso zilolezo za kuno kuchokera ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife ndi ku dipatimenti yoona za umoyo wa ziweto. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa maganizo athu. Oweta boa ambiri apafupi ali ku South Africa, ndipo aliyense ali ndi achimwene ku Joni omwe angaiike m'bokosi la nsapato pa basi. Kumeneko ndi kuzembetsa nyama. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, ndipo milandu yaikulu kwambiri chilango chake chimafika zaka 30 m'ndende. Sindikuti kanjoka kamodzi kangakupezetseni zaka zonsezo, koma mlandu ndi mlandu, ndipo wogwidwa pa Mwanza kapena pa Dedza akhala achimwene anuwo. Kukatola mwana wa nsato kuthengo n'kumusunga popanda chilolezo nakonso ndi kuitana apolisi, kuphatikiza apo mwatola mamita 4 a mtsogolo.

Ikadwala? Alangizi a ziweto omwe tili nawo pafupi anazolowera ng'ombe, mbuzi, nkhuku ndi agalu. Odziwa bwino nyama zakutchire ali ngati a Lilongwe Wildlife Trust, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kupulumutsa nyama, zina mwa izo zolandidwa kwa anthu omwe ankaziweta mosaloledwa.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi sichilembedwa m'mabuku a azungu a kawetedwe ka njoka. Kwathu kuno njoka si nyama wamba. Atumbuka ali ndi mbiri ya Chikang'ombe, Achewa ya Thunga ku Msinja, ku Nsanje nkhani ya Mbona imakhudzanso nsato. Pamwamba pa mbiri zakalezo pali mphekesera ya masiku ano, ija yoti wakuti anakhwima, ali ndi njoka m'chipinda yomwe imamusanzira ndalama. Mwaimvapo, inenso ndaimvapo, pa maliro, mu minibasi, pa mjigo. Tsopano tiyerekeze muli pa lendi ku Chibavi, ku Masasa kapena ku Mchengautuwa, mpanda umodzi mabanja asanu, bafa limodzi. Mwana wa aneba wasuzumira pawindo waona njoka m'galasi. Madzulo ake nkhani yafika pamsika. Mwezi womwewo mwagula njinga yamoto, kapena mwana wa khomo lachitatu wadwala mwadzidzidzi. Ndani akakhale pansi kumvera kuti iyi ndi Kenyan sand boa ya masentimita 40?

Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe chaka ndi chaka timamva za okalamba omenyedwa, ootcheredwa nyumba, ena ophedwa chifukwa cha mphekesera zoterezi. Njokayo akhoza kukhala ya mnyamata wa Fomu 3, koma chala sichidzaloza iye. Chidzaloza agogo omwe amakhala m'nyumbamo, kapena bambo omwe geni yawo ikuyenda. Ine ndi wa m'badwo womwe umaseka zikhulupiriro zimenezi pa WhatsApp, koma kuseka kwathu sikuzimitsa moto pa denga la munthu. Amene ali ndi nyumba yakeyake ya mpanda ku Katoto mwina angakwanitse, atawauziratu antchito ndi achibale, mapepala ali pafupi. Wa pa lendi ayambe wafunsa alandilodi, ndipo yankho lawo tonse tikulidziwa.

Kumbukiraninso zaka. Sand boa yosamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20, rosy boa imadutsa pamenepo. Mwana wa zaka 16 apita ku koleji, kuhositelo salola ngakhale mphaka, ndipo njoka itsala ndi mayi omwe aja anakana poyamba. Ikatopetsa, anthu amaganiza zokaitaya kunkhalango. Ku Kaning'ina mwina ingafe ndi chisanu, koma ku malo otentha nkhani imasintha. Pa chilumba cha Aruba boa constrictor inayamba kuoneka kutchire mu 1999, inaswana, ndipo mpaka lero akulimbana nayo chifukwa ikudya mbalame za kumeneko.

Kwa mwana amene chidwi chake pa njoka ndi chenicheni, osati cha mavidiyo chabe, ine ndikanamuonetsa yomwe tili nayo kale. M'midzi ndi m'matauni mwathu muli njoka ya bulauni yomwe pa Chingerezi amati brown house snake. Ili ndi timizere towala m'mbali mwa mutu, mimba yoyera, nthawi zambiri siposa mita imodzi, ilibe ululu, ndipo imafinya mbewa ndi makoswe ngati momwe boa imachitira. Dzina lake la sayansi, Boaedon, limatanthauza mano a boa, ngakhale si boa. Imakonda kukhala pafupi ndi nkhokwe ndi milu ya njerwa, kutigwirira ntchito ya mphaka mwaulere, ife n'kumaithokoza ndi mpini. Mwana aphunzire kuizindikira, aijambule ili patali, awerenge za iyo, ndipo aletse anthu kuipha. Safunika khola, batire kapena chilolezo.

Chenjezo limodzi lokha, ndipo makolo mulibwereze kangapo: asagwire njoka iliyonse yakutchire ndi manja. Kuli kanjoka kena kakuda, kakang'ono, kooneka kofatsa, kotchedwa stiletto snake, komwe kamatuluka pansi mvula ikagwa. Anthu ambiri amakayesa kopanda vuto. Mano ake amabaya cham'mbali, moti kamakulumani ngakhale mutakagwira kuseri kwa mutu, ululu wake ulibe mankhwala ake enieni, ndipo ena adulidwapo chala. Njoka ikalowa m'nyumba, tulutsani ana, tsegulani chitseko, ndipo ngati ndi yaing'ono ikankhireni mu ndowa ndi tsache lalitali. Ikakhala yaikulu kapena simukuidziwa, itanani a zanyama zakutchire.