Mwana wa sayansi asabise zolakwa: nkhani ya potifoliyo ku North York

Tikafunsa ana athu a ku yunivesite za sukulu, funso limakhala limodzi: wapeza malikisi angati? Tinazolowera kwathu, kumene zaka zinayi za kusekondale zimaweruzidwa ndi mayeso a MSCE. Koma kwa mwana amene wayamba kemisitiri kapena bayoloje ku York University kuno ku North York, malikisi amabwera madzi atafika kale m'khosi.

Thandizo lilipo pafupi. Bethune College, yomwe imasamalira ophunzira a sayansi ndi uinjiniya pa York, ili ndi ophunzira a m'makalasi apamwamba amene amalangiza anzawo atsopano. Ilinso ndi magulu owerengera limodzi otchedwa PASS, otsogozedwa ndi wophunzira amene anakhoza kale phunzirolo. Njirayi inayambira ku University of Missouri-Kansas City mu 1973. Vuto lake ndi lakuti mlangizi amadziwa zokhazo zimene wamuuza. Mwana wathu, woleredwa kuti asamadandaule pamaso pa anthu, amangoti zonse zili bwino.

Apa ndi pamene potifoliyo ya pa intaneti ingathandize. Ichi ndi chikwatu cha pa kompyuta mmene wophunzira amasungamo ntchito yake sabata ndi sabata: lipoti la ku labu asanalikonze, masamu amene anaphonya, ndemanga za mphunzitsi, ndi mizere ingapo yofotokoza pamene anasokonezeka. Mapulogalamu ake alipo, monga Mahara ya ku New Zealand ndi PebblePad ya ku Britain. Mu 2016, bungwe la makoleji ndi mayunivesite ku America la AAC&U linaika potifoliyo pa mndandanda wa njira zimene zimathandiza kwambiri ophunzira. Mlangizi akatsegula chikwatucho asanakumane ndi mnzake, amaona yekha kuti katatu konse mwanayo wasokoneza magalamu ndi mamiligalamu. Ola lokumanalo limathera pa vuto lenilenilo.

Zinthu ziwiri zapangitsa nkhaniyi kukhala yofunika lero. Choyamba ndi ChatGPT, yomwe inatuluka mu November 2022. Kuyambira pamenepo, lipoti losalala silisonyezanso amene anaganiza. Wophunzira amene ali ndi zolemba zake zoyamba, zokhala ndi masiku ake, ali ndi choonetsa akamuganizira kuti wabera. Chachiwiri ndi ndalama. Pa 1 January 2024, boma la Canada linakweza ndalama zimene wophunzira wochokera kunja ankayenera kuonetsa kuti ali nazo, kuchoka pa madola 10,000 kufika pa 20,635, fizi osawerengera. M'mwezi womwewo nduna yoona za olowa m'dziko panthawiyo, a Marc Miller, analengeza kuti ziphaso za ophunzira akunja zichepetsedwa. Banja la ku Lilongwe kapena ku Chipata limene lasonkherana kuti mwana abwere kuno silingakwanitse kulipira phunziro limodzi kawiri.

Komabe tisathamangire kuombera m'manja. Potifoliyo imafa ikasanduka chionetsero. Wophunzira akadziwa kuti chikwatu chomwecho adzachiona womulemba ntchito kapena woika malikisi, amachotsamo zonse zochititsa manyazi, ndipo mlangizi amatsala ndi zithunzi zokongola zopanda phindu. Pafunika zikwatu ziwiri: china chogwirira ntchito, choona mwini wake ndi mlangizi basi, china choonetsa kunja.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Mlangizi naye ndi wophunzira, mwina wa ku tchalitchi chimodzi ndi mwana wathu, ndipo tikudziwa mmene nkhani zimayendera pakati pathu pa WhatsApp. Mayunivesite a ku Ontario ali pansi pa lamulo loteteza zinsinsi za anthu kuyambira 2006, koma mwana azifunsabe yekha: ndani angaone zimenezi, ndipo ndikamaliza sukulu ndidzapita nazo? Nthawi nayo ndi yochepa. Wophunzira wakunja amaloledwa kugwira ntchito maola 24 pa sabata kunja kwa sukulu, ndipo ambiri amawadzaza onse kuti alipire lendi. Potifoliyo yofuna maola awiri usiku uliwonse adzaisiya mwezi usanathe. Mphindi khumi ndi zisanu akatuluka mu labu n'zotheka.

Ife makolo, amalume ndi azakhali tili ndi gawo lathu. Mwana sangaike zolakwa zake pamaso pa mlangizi ngati kunyumba zolakwazo zimalandiridwa ndi mawu aukali. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwana amafunsa pamene saopa. Teremu ikayamba, timulimbikitse kulembetsa kwa mlangizi sabata yoyamba, ndipo ngati sukulu yake ilibe pulogalamu ya potifoliyo, chikwatu cha pa Google Drive chikwanira. Tikamuimbira foni Lamlungu, timufunse chimene chinamuvuta sabata ino ndi amene wamuonetsa.