MAKINA AUNIKE, KOMA DOTOLO NDIYE AGAMULE

Boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira, liri pa mtunda wa makilomita oposa 300 kucokera ku Lusaka. Anthu a kwa Mfumu Yaikulu Mburuma ndi a kwa Mfumu Mphuka akadwala amapita ku cipatala ca Katondwe kapena ca pa boma. Koma akatswiri odziwa kuwerenga zithunzi za X-ray ngocepa m'dziko lino, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda ikuluikulu. Cifukwa ca ici, nkhani ya makompyuta a nzeru zopanga, ochedwa AI, iyenera kumveka bwino m'midzi.

M'caka ca 2021 bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, la WHO, linavomereza kuti makompyuta otere aziwerenga zithunzi za m'cifuwa pofunafuna matenda a TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Kompyutayo inaphunzitsidwa ndi zithunzi zikwizikwi za mapapo, ndipo ikaona cithunzi catsopano imapereka nambala. Nambalayo ikakwera, wodwala amapereka makhololo kuti akapimidwe ndi makina a GeneXpert.

Akulu anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumoka nkofunika kwa msodzi wa pa Zambezi amene alibe ndalama ya basi yopitira ku cipatala cacikulu ca UTH. Komatu kalumo kakuthwa kamacekanso mwini wake.

A bungwe la ZAMBART anayesa makina a CAD4TB ku Lusaka, ndipo zotsatira zinafalitsidwa m'caka ca 2014. Makinawo anagwira odwala TB ambiri, koma analozanso anthu oculuka amene analibe matendawo. Makina a masiku ano apitako patsogolo, komabe zipsera za TB yakale zimawasokoneza, ndipo mwa munthu wa HIV matendawa nthawi zina saoneka bwino pa cithunzi. Conco dotolo kapena nesi amene aona mai wotsokomola, woonda ndi wotuluka thukuta usiku, asambweze kumudzi cifukwa cakuti nambala yatsika. Makina sadziwa kuti maiyo wacokera kutali, ndiponso kuti akabwerera sadzapeza msanga njira yobweranso.

Malire a nambala amaikidwa ndi anthu. Akawatsitsa, oyenera kupimidwa amaculuka ndipo zipangizo zimatha msanga. Akawakweza, odwala ena amatsala. Ciweruzo cotere ncokhudza moyo, ndipo oyenera kuciyankhira ndi a Unduna wa Zaumoyo, osati kampani ya kunja yogulitsa makina. Munthu akafa cifukwa ca kulakwa, abale ake sangatengere kompyuta ku bwalo la mfumu kapena ku khoti. Wanchito wa zaumoyo ali ndi dzina, ndiponso ali ndi bungwe lomuyang'anira.

Wodwalanso ali ndi ufulu wouzidwa, m'Cinyanja, m'Cinsenga kapena m'Cikunda, kuti cithunzi cace cawerengedwa ndi makina, ndi kumene cidzasungidwe. Lamulo loteteza mbiri za anthu, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'caka ca 2021, liika nkhani za matenda pakati pa zinsinsi zofunika kusamalidwa koposa. Lamuloli silinalembedwere anthu a m'tauni okha.

Boma linatulutsa ndondomeko ya dziko ya AI m'caka ca 2024. Kuti ipindulire anthu a ku Luangwa, makina aliwonse otumizidwa ku zipatala za kumidzi abwere pamodzi ndi maphunziro a anchito, magetsi odalirika ndi zipangizo zokwanira zopimira makhololo. Mafumu, anyakwawa ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi alimbikitse anthu ao kukapimitsa akatsokomola kwa masabata awiri, pakuti mankhwala a TB ngaulere. Wodwala aliyense afunse mosaopa kuti, "Kodi adotolo aciona cithunzi canga?" Safunsa anadya phula.