Batire la hybrid nalo limafuna gawo lake

"Imeneyi siimwa mafuta, imangonunkhiza." Mawu amenewa agulitsa galimoto zambiri za hybrid, zoyendera petulo ndi magetsi, m'dziko muno, ndipo kwathu kunyanja ku Nkhata Bay anafika kale. Mukaima pa Chintheche, pa Kande kapena pa Mpamba, sipatenga nthawi kuti muone Toyota Aqua, Prius, Fielder kapena Honda Fit ikunyamuka mwakachetechete, injini osamveka. Zina ndi za aphunzitsi ndi anamwino, zina ndi za anyamata a matola, zina zinagulidwa ndi ndalama zimene abale amatumiza kuchokera ku Joni.

Ogulawo sanalakwe. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo kuchokera pamenepo wakweranso. Mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta mu 2022 ndi mu 2024 tonse tikuikumbuka. Munthu wa ku Tukombo, amene mafuta amawatsatira kutali, ali ndi chifukwa chomveka chofunira galimoto yoyenda mtunda wautali ndi malita ochepa.

Chimene chimandiwawa ndi tsiku limene nyali zochenjeza zayaka pa dashibodi, galimoto n'kuyamba kulemera pachitunda. Mwini wake amangouzidwa kuti "bwana, batire latha", kenako amatchulidwira mtengo wa m'mamiliyoni. Wina amagulitsa galimotoyo pamtengo wolira, wina amaikhazika pamiyala pansi pa mango, wina amathamangira katapila. Zambiri mwa izi n'zopeweka tikavomereza chinthu chimodzi: ndalama imene hybrid imapulumutsa pa petulo si phindu yonse. Gawo lina ndi la batire, ndipo tsiku lina lidzaitanitsa.

Galimoto ya hybrid ili ndi mabatire awiri. Laling'ono, la mavolti 12, limadzutsa makompyuta ndi kuyatsa nyali. Lalikulu limayendetsa mota ya magetsi, ndipo pa galimoto za Toyota ndi lomwe limaliza injini, chifukwa mulibe sitata ngati ya galimoto wamba. M'kati mwake muli timabatire tolumikizidwa mndandanda, timene amakaniko amati maselo. Aqua yoyamba, imene inatuluka ku Japan mu Disembala 2011, ili ndi timabatire 20 topereka mavolti 144, ndipo tili pansi pa mpando wakumbuyo. Prius za pakati pa 2003 ndi 2015 zambiri zili ndi 28, mavolti 201.6. Popeza tamangidwa mndandanda, kamodzi kakafooka gulu lonse limatsimphina, ndipo kompyuta imalemba nambala yakuti P0A80, kutanthauza kuti batire lisinthidwe.

Batire limakalamba ndi zaka komanso ndi mtunda. Galimoto zimene timaitanitsa kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe zambiri zimakhala zitatumikira kale ku Japan zaka zambiri, chitsimikizo cha kampani cha zaka 5 kapena makilomita 100,000 chitatha kalekale. Penti imatha kuwala ngati yatsopano, mipando osang'ambika, koma batire lili ndi zaka zofanana ndi galimotoyo. Msodzi wanzeru wa ku Usisya sadya ndalama yonse ya usipa, chifukwa amadziwa kuti ukonde wa chilimira udzatha ndipo wina udzafunika. Mwini hybrid aganize chimodzimodzi.

Tiyerekeze dalaivala wa matola amene amayenda makilomita 150 patsiku. Ndi galimoto wamba yoyenda makilomita 12 pa lita, amwetsa malita 12 ndi theka. Ndi hybrid yoyenda makilomita 20 pa lita, amwetsa 7 ndi theka. Atsala ndi mtengo wa malita 5 m'thumba. Atamapatula mtengo wa lita imodzi yokha tsiku lililonse la ntchito, pamasiku 300 adzakhala ndi ndalama ya malita 300. Ndawerengera m'malita dala, chifukwa masipeya amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha ikagwa, petulo ndi batire zimakwerera limodzi. Ndalamayo ikhale ku banki m'khonde kapena kulikonse kumene dzanja silifika msanga.

Kusunga ndalama ndi mbali imodzi. Mbali ina ndi kutalikitsa moyo wa batire, ndipo mdani wake wamkulu ndi kutentha. Aliyense wokhala m'mphepete mwa nyanja akudziwa mmene Okutobala ndi Novembala amawotchera. Batire lalikulu limazizira ndi kafani kamene kamakoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa kabowo ka pampando wakumbuyo. Tsopano taganizani mmene timanyamulira. Kumbuyo kwakhala anthu anayi, chitenje chatseka kabowoko, kumapazi kuli thumba la ufa wa kondowole, kwinaku lichero la usipa wouma, mchenga wa kugombe uli mbwee pansi. Fumbi lonselo limakamatirira pa fani, mpweya umachepa, batire limawira m'kati pang'onopang'ono mwini wake asakudziwa. Kutsegula ndi kutsuka fani imeneyi kamodzi kapena kawiri pachaka ndi ntchito yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi batire latsopano. Kuimika galimoto pamthunzi kumathandiza. Kuyatsa choziziritsira m'galimoto masana otentha kumathandizanso, chifukwa mpweya umene mukupuma inu ndi womwewo umene batire likupuma.

Mdani wachiwiri ndi chinyezi. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, n'chifukwa chake tiyi wa ku Kawalazi ndi labala wa ku Vizara zimachita bwino kuno. Timabatire tija timalumikizidwa ndi tizitsulo ta kopa, ndipo pachinyezi tizitsuloti timachita dzimbiri lobiriwira. Dzimbirilo limasokoneza kayezedwe ka magetsi, kompyuta n'kumaona ngati batire lafa pamene vuto ndi tizitsulo tofunika kutsuka kapena kusintha. Madzi enieni ndiye oopsa koposa. Aqua ndi yotsika kwambiri, choncho kuwoloka nayo madzi osefukira m'madambo ngati a Limphasa, kapena kutayikira kwa beseni la nsomba pampando wakumbuyo, kungathe kuwononga m'mphindi zochepa chinthu chimene chikanatumikira zaka. Msewu wotsetsereka wa ku Usisya nawo si wa galimoto zotere, makamaka dzinja.

Msewu wa ku Mzuzu uli ndi phunziro lakelake. Mzindawu uli pamtunda wopitirira mamita 1,200, pamene nyanja siifika mamita 500. Pokwera kuchokera pa Mpamba batire limakhuthula mphamvu, potsika limadzaza mofulumira chifukwa mota imasanduka jenereta mukaponda mabuleki. Zonse ziwiri zimalitenthetsa. Pa giya ya Toyota pali chilembo B chimene madalaivala ambiri sachikhudza. Ntchito yake ndi ya pamtsetse wautali ngati umenewu: injini imathandiza kugwira galimoto, mabuleki ndi batire n'kupepukidwa.

Kusowa kwa mafuta kwatiphunzitsanso zizolowezi zowononga. Petulo akathera panjira, hybrid imatha kukwawabe pang'ono ndi magetsi okha, ndipo dalaivala amati ndikafike pa Chintheche. Akatero amakhuthula batire lomwe lija limaliza injini, ndipo likatsika kupyola malire, ngakhale mutathira mafuta galimoto siilira mpaka papezeke chotchajira chapadera, chimene magalaja ambiri alibe. Mafuta a m'zigubu osakanizidwa ndi madzi kapena palafini amabweretsa vuto lomweli, chifukwa injini ikakana, kuyesa kuiliza mobwerezabwereza kumatha batire. Kuitana anyamata kuti akankhe sikuthandiza, hybrid siilira ndi chikankha. Kuikoka ndi chingwe mtunda wautali matayala akutsogolo ali pansi kumaononga mota ndi zamagetsi. Imafunika kukwezedwa pa lole. Ndipo inu achimwene amene muli ku Johannesburg kapena ku Cape Town, galimoto mwaitsekera m'galaja kumudzi kudikira Disembala, dziwani kuti batire limeneli limadzitha lokha likangokhala. Pezani munthu wodalirika woti aziiliza ndi kuiyendetsako sabata iliyonse.

Nanga nyali ikayaka? Safunsa anadya phula. Choyamba, yezetsani batire laling'ono lija, chifukwa likafooka makompyuta amasokonezeka n'kuyatsa nyali zoopsa, pamene mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa batire lalikulu. Chachiwiri, galimoto iikidwe pa kompyuta inu muli pomwepo. Funsani mwaulemu kuti, "A makaniko, tandionetsani nambala yatulukayo ndi mavolti a maselowo." Batire labwino limaonetsa manambala oyandikana, lodwala limaonetsa gawo limodzi lotsalira kwambiri injini ikalemedwa. Masiku ano kachipangizo ka OBD2 kolumikiza ku foni, ndi pulogalamu ngati Dr. Prius, zimaonetsa manambala amenewa kwa aliyense wofuna kuphunzira. Kumbukiraninso kuti pampu yoziziritsa zamagetsi kapena makina a mabuleki zikafa zimayatsanso nyali zochenjeza, batire lili bwinobwino.

Zikatsimikizika kuti ndi batire, njira zilipo zingapo, iliyonse ndi mtengo wake. Kusintha selo limodzi kapena awiri ndi kotsika mtengo, koma otsalawo ndi okalamba chimodzimodzi, ndipo ngati makaniko sanawayeze onse ndi kuwalinganiza mphamvu, nyali imabwereranso pakapita miyezi yochepa. Batire lakale lochotsedwa m'galimoto ina limakhala pakatikati, koma zaka zake ndi nthawi imene lakhala m'sitolo simuzidziwa. Latsopano ndi lokwera mtengo, koma kwa munthu amene galimoto ndiye munda wake, wa matola tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri ndi lomwe limadzatsika mtengo pamapeto. Njira iliyonse imene mwasankha, pakhale lisiti ndi chitsimikizo cholembedwa cha miyezi yodziwika. Popanda pepala, ngakhale bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limamva madandaulo a ogula, lidzavutika kukuthandizani. Batire lakalelo musalitaye kudzala kapena kufupi ndi nyanja, muli mankhwala owotcha khungu; ena okonza mabatirewa amaligula kapena amachotserako pamtengo.

Amakaniko athu a pansi pa mtengo ndimawalemekeza. Ndi iwo amene akhala akuyendetsa maminibasi a msewu wa M5 zaka zonsezi ndi zipangizo zochepa. Koma mawaya a mtundu wa lalanje a m'galimoto izi amanyamula magetsi otha kupha munthu. Pamafunika kuzula kaye pulagi yachitetezo, kudikira kuti magetsi otsalira atsike, ndi kuvala magolovesi apadera. Makaniko amene sanaphunzire zimenezi akanena kuti "apa sindikhudza", wasonyeza nzeru, ndipo tisamukakamize.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni la dera lathu. Kuchokera pa Kande kukafika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 100. Lole yonyamula galimoto, malo ogona, masiku otayika osagwira ntchito, zonsezi zimalipiridwa makaniko asanagwire sipanala. Munthu amafika kugalaja atatopa kale ndi kuwononga ndalama, choncho chilichonse chimene wauzidwa amangovomera. Mtengo wokonzera hybrid kunyanja kuno umakwera ndi mtunda ndiponso ndi kusadziwa, kuwonjezera pa mtengo wa sipeya weniweniyo.

Pempho langa likupita kwa TEVETA, sukulu ya Mzuzu Technical College ndi sukulu zina za ntchito zamanja: konzani maphunziro aafupi, a masabata ochepa, a amakaniko amene ali kale pantchito, ndipo muwabweretse kufupi, kuboma kapena pa Chintheche. Aphunzire chitetezo pa magetsi aakulu, kuwerenga kompyuta, kutsuka fani ndi kuyeza maselo. Toyota inatulutsa Prius yoyamba mu 1997, ndipo Japan ikupitiriza kupanga galimoto za hybrid zochuluka, kutanthauza kuti zogwiritsidwa kale ntchito zobwera kuno zidzakhala zamtundu umenewu mochulukirachulukira. Mnyamata wa pa Kande amene angaphunzire ntchitoyi lero sadzasowa makasitomala.

Eni galimoto nanunso musadikire boma. Madalaivala a pasiteji imodzi angathe kusonkherana kugula kachipangizo koyezera, kapena kulipirira makaniko wawo maphunziro. Amene mukufuna kugula, yezetsani batire musanapereke ndalama, ndipo wogulitsa akakana kuyezetsa, siyani galimotoyo. Amene muli nayo kale, sabata ino yang'anani kabowo ka mpweya kaja, pitani mukatsukitse fani, ndipo yambani lero kupatula mtengo wa lita imodzi.