ZA UMOYO WATHU: Munthu mmodzi, sikelo zitatu



Lamulungu lapitali kunyumba kwanga kunabwera alamu anga nkhope itagwa. Miyezi iwiri yapitayo kuchipatala anawapeza ndi matenda othamanga magazi, ndipo anawalangiza kuti achepetseko thupi. Iwo anamveradi. Nsima anachepetsa, mchere ndi mafuta chimodzimodzi, shuga wa m'tiyi anasiyiratu.

Koma tsiku limeneli anati: "Alamu, ine ndaleka. Ndikungodzizunza ndi njala pachabe. Lolemba kuchipatala anandiyeza makilo 84. Lachisanu pamsika mnyamata wa sikelo uja anandiuza 86. Dzulo pa sikelo imene aneba anagula ku Tete ndinapeza 83, nditakweranso inati 85. Nanga chenicheni n'chiti?" Anafika poti ngakhale mapiritsi awo ankafuna kuwataya.

Si alamu anga okha amene asokonezedwa motere, choncho tiyeni tiione bwino nkhaniyi.

Poyamba, sikelo sizifanana. Ife olima mbatata ya kachewere tikudziwa kuti thumba lomwelo limalemera mosiyana pa sikelo ya wogula uyu ndi ya wogula uyo. Sikelo zoyezera anthu ndi chimodzimodzi. Ya muvi ija iri ndi sipuling'i m'kati, ndipo ikakalamba imafooka. Musanakwere, onani ngati muvi ukuloza pa 0. Ngati sukuloza, pali kagudumu kakang'ono kobwezera. Ya mabatire nayo imayamba kubwebweta mabatire akatsala pang'ono kutha.

Malo oikapo sikelo nawo ndi nkhani. Ya aneba ija inali pa mphasa, mphasayo iri pa dothi la mabampu. Sikelo ikapendekeka kapena ikakhala pofewa, nambala imasintha nthawi iri yonse mukakwera. Iikeni pa simenti posalala, kapena pa thabwa lolimba. Imani chiriri, mapazi onse awiri ali pakati, osagwira khoma kapena phewa la mnzanu.

Ngati mukuikayikira sikelo, iyeseni ndi madzi, pakuti lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Kwerani nokha, muone nambala. Kweraninso mutanyamula chigubu cha malita 5. Nambala iyenera kukwera ndi makilo 5, kuonjezapo kangachepe ka chigubucho. Ikapanda kutero, sikeloyo ndi yabodza.

Chachiwiri, thupi lenilenilo silikhala pamodzi. Koposa theka la thupi la munthu wamkulu ndi madzi, ndipo madzi amalowa ndi kutuluka tsiku lonse. Munthu angathe kusiyana ndi kilo imodzi kapena makilo awiri pakati pa m'mawa ndi madzulo. Mukamwa thobwa lokwana lita, mwalemera ndi kilo pomwepo. Mukadyera nsima kapenta wamchere wa ku Cahora Bassa, thupi limasunga madzi ndipo mawa sikelo ikwera. Mukadzimbidwa, imakwera. Amayi akayandikira kumwezi, imakweranso. Mukalima dzuwa lonse n'kutuluka thukuta imatsika, koma chatuluka ndi madzi, osati mafuta. Tsono onjezani nsapato, juzi ndi zitenje ziwiri za m'nyengo yozizira. Alamu anga pamsika paja anakwera masana, atadya, atavala zonsezi. Makilo awiri a mafuta sangabwere m'masiku anayi mwa munthu amene akudya mosamala.

Nanga tichite bwanji? Sankhani sikelo imodzi, ndipo zina zonse muzizilambalala. Yezani tsiku limodzi pa sabata, m'mawa mutachoka kuchimbudzi, musanadye kapena kumwa kanthu, mutavala zopepuka zomwezo. Lembani nambala ndi tsiku lake mu kope. Musaweruze ndi nambala ya tsiku limodzi. Dikirani patsike mizere inayi kapena isanu, ndiye muone ngati ikulowera kumunsi. Kutsika ndi theka la kilo pa sabata, kapena kilo imodzi ikachuluka, ndi kokwanira. Sabata ina sikelo idzaima, ina idzakwerako pang'ono. Zimenezi zisakufooketseni. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene mulibe sikelo pafupi, ya kuchipatala kamodzi pa mwezi ikukwanirani.

Palinso muyeso wina wosalira ndalama kapena mabatire. Dulani chingwe chosatamuka chofanana ndi msinkhu wanu, kuyambira kuphazi mpaka pamutu. Chipindeni pakati, n'kuchizunguliza pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, mimba yakula kuposa theka la msinkhu wanu, ndipo mafuta a pamimba ndiwo amene amayenda limodzi ndi matenda a shuga ndi othamanga magazi. Yesani mwezi ndi mwezi, muone mpata ukuchepa. Muyeso umenewu si wa ana aang'ono kapena amayi oyembekezera.

Koma pali kusintha kwina kosafunika kudekha. Ngati mukuonda musakufuna, makamaka pamene mukutsokomola masabata awiri kapena kuposa, kutuluka thukuta usiku, kapena kumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, pitani kuchipatala akakuyezeni TB, HIV ndi shuga. Ngati sikelo yakwera msanga m'masiku ochepa, miyendo yatupa ndipo mpweya ukuperewera, musachedwe, chifukwa mwina ndi mtima kapena impso. Ndipo mapiritsi a magazi musasiye chifukwa cha sikelo. Wokuuzani kusiya ndi amene anakupatsani.

Tisanasiyane, ndinapempha alamu anga kuti andionetse khadi lao la kuchipatala. Tsiku loyamba namwino analemba 87. Mwezi wotsatira analemba 85 ndi theka. Lolemba lija analemba 84. Sikelo yake imodzi, nthawi yake ya m'mawa. Makilo atatu anali atapita, eni ake akulira kuti palibe chachitika. Anaseka, n'kunena kuti mnyamata wa pamsika uja sadzadyanso ndalama yao.