MPANDO WA MKULU WA OWERUZA NDI NCHITO YACE

Pamwamba pa makhoti onse a m'Zambia pamakhala munthu mmodzi, Mkulu wa Oweruza, amene pa Cingelezi achedwa Chief Justice. Anthu ambiri a kumidzi amamumva pa wailesi pa tsiku lolumbiritsa Mtsogoleri wa dziko, ndipo amayesa kuti nchito yace yathera pomwepo. Koma mpandowu ukhudza mlimi wolandidwa ng'ombe ndi mai wamasiye wothamangitsidwa m'nyumba.

Malamulo akulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, anena kuti Mtsogoleri wa dziko ndiye asankha Mkulu wa Oweruza, atalandira dzina kucokera ku bungwe loyang'anira nchito za oweruza, ndipo Nyumba ya Malamulo iyenera kubvomereza. Sakhala pa mpandowo kupitirira zaka 10, ndipo oweruza onse apuma akafika zaka 70. Mtsogoleri sangamucotse cifukwa ca kukwiya cabe. Mlandu wace uyenera kuyamba wafufuzidwa ndi bungwe lomva madandaulo a oweruza.

Iye atsogolera khoti la Supreme Court, komwe kuthera milandu ya apilo. Ayang'aniranso kayendedwe ka makhoti onse, kuyambira ku Lusaka kufikira khoti laling'ono la ku Lundazi kapena ku Petauke, nakhazikitsa malamulo a kazengedwe ka milandu. Nyumba ya Malamulo ikafuna kuzenga mlandu Mtsogoleri wa dziko, ndiye asankha oweruza ofufuza nkhaniyo. Nchito zina zinacotsedwa m'manja mwace mu 2016: kulengeza wopambana pa masankho a Mtsogoleri kunapatsidwa kwa wapampando wa bungwe la masankho, ndipo madandaulo a masankhowo amapita ku khoti la Constitutional Court, limene liri ndi mkulu wacewace.

Koma nchito yoposa zonse ndi yoona kuti woweruza aliyense aweruza mopanda mantha ndi mopanda tsankhu. Mbiri ya dziko lino yaonetsa kuti mpandowu umayesedwa ndi zinthu ziwiri, mphamvu ndi ndalama.

Mu 1969 asilikali awiri a Cipwitikizi anadumpha malire kucokera ku Angola, ndipo majisitireti anawapatsa cilango. Woweruza wa ku High Court, a Ifor Evans, anafafaniza cilangoco. Anthu anapsa mtima kwambiri, popeza masiku amenewo Apwitikizi anali kubvutitsa midzi ya m'malire. A Kenneth Kaunda anafunsa Mkulu wa Oweruza, a James Skinner, kuti afotokoze. Iwo anaima kumbali ya woweruza wao, nanena kuti ciweruzo cinatsata lamulo. Anyamata a Zambia Youth Service analowa mwaciwawa m'khoti ku Lusaka, ndipo a Skinner anatula pansi udindo caka comweco. Mu 1970 anakhala Mkulu wa Oweruza ku Malawi. Mpando anautaya, koma anaonetsa kuti woweruza salangidwa cifukwa ciweruzo cace sicinakondweretse olamulira.

Yeso la ndalama linafika mu 2002. A Matthew Ngulube, amene anakhala pa mpandowu kuyambira 1993, anatula pansi udindo zitamveka kuti analandira ndalama zocokera ku thumba la akazitape a Boma m'nthawi ya a Frederick Chiluba. Nkhaniyi inawononga cikhulupiriro ca anthu, cifukwa nsomba ikaola imayambira kumutu.

Alipo ena amene anatsegula njira zatsopano. A Annel Silungwe ndiwo anali mbadwa yoyamba ya dziko lino kukhala pa mpandowu, kuyambira 1975 mpaka 1992. Mai Irene Mambilima anakhala mkazi woyamba kutsimikizidwa pa udindowu mu 2015, nagwira nchito kufikira imfa yao mu 2021, ndipo caka comweco a Mumba Malila anasankhidwa kulowa m'malo.

Kodi zonsezi zipindulira ciani munthu wa kumudzi? Lamulo la 1989 la cuma ca masiye linena kuti munthu akafa wosalemba wilo, ana alandire magawo 50 pa 100 aliwonse, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena amene anali kudalira womwalirayo 10. Koma lamulo lolembedwa pa pepala silingabweze mbale ndi njinga zimene acibale atenga. Lifuna woweruza wosagulika ndi mbuzi, ndi mlandu wosagona zaka m'kabati. Ngati khoti laling'ono lakhotetsa mlandu, mai wamasiyeyo ali ndi ufulu wocita apilo kwa majisitireti, kenaka ku High Court, ndi kupitirira. Makwerero onsewa ali m'manja mwa Mkulu wa Oweruza.

Motero pomuyesa, anthu asayang'ane mkanjo wace wokha. Ayang'ane ngati wosauka amamvedwa msanga, ngati oweruza a ziphuphu amacotsedwa, ndiponso ngati Boma lenilenilo limagonja pa khoti likalakwa.