Ufumu umene unkadzera m'mimba mwa Nyangu

Mlendo amene wapita ku malo osungirako nyama a Kuti kukaona mbidzi amadutsa pa boma la Salima, m'dera la Mfumu Kalonga. Ambiri dzinali amaliwerenga ngati la mfumu ina iliyonse, monga Maganga kapena Pemba. Komatu kale Kalonga linali dzina la mpando waukulu wa Amaravi, umene mphamvu zake zinkamveka kuchokera kunyanja kuno mpaka ku Zambezi.

Likulu lake silinali kutali. Linali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kummwera kwa Salima. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atakumba pamalopo anapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, mapale a mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Pamene lero pali minda ndi milambe panali msika wodziwika kwa amalonda akutali.

Chochititsa chidwi ndi mmene mpandowo unkayendera. Kalonga ankachokera kwa Aphiri, koma mwana wake wobereka sankalowa ufumu. Wolowa anali mwana wa Nyangu, mayi kapena mlongo wa mfumu, ndiye kuti mphwake kapena muphwa wake. Mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankatengedwa kwa Abanda, eni nthaka amenenso ankasunga kachisi wa mvula ku Msinja pansi pa wansembe wamkazi Makewana. Aphiri anali ndi ufumu, Abanda anali ndi mvula, ndipo ukwati ndiwo unkamanga ziwirizi pamodzi.

Ku Ulaya zinali zosiyana. Dziko la Austria linakwezedwa kukhala pansi pa mfumu yakeyake mu 1156, banja lolamula likhala la Babenberg. Frederick Wachiwiri ataphedwa kunkhondo mu 1246 wopanda mwana wamwamuna, banjalo linathera pomwepo, ngakhale kuti anasiya mlongo wake Margaret. Anthu analimbirana dzikolo zaka zoposa makumi atatu mpaka banja la Habsburg linalitenga mu 1282 n'kuligwira kufikira 1918. Mchewa akamva nkhaniyi amangodabwa: mbumba ilipo, ufumu ungasowe bwanji mwini?

Komabe kuchuluka kwa olowa kunali ndi vuto lakenso. Mbumba ikakula, ofuna mpando amachuluka. Mmodzi wa iwo, Undi, anachoka ku Mankhamba n'kukakhazikika ku Mano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo mbiri ya pakamwa imati anatenga Nyangu paulendowo. Mfumu ina, Lundu, inakula mphamvu kuchigwa cha Shire mpaka kuderera mpando waukulu. Mu 1622 mfumu ya Amaravi imene Apwitikizi ankaitchula Muzura inachita kugwirizana ndi Apwitikiziwo kuti igonjetse Lundu. Muzura yemweyu ndi amene analandira Mpwitikizi Gaspar Bocarro mu 1616, pa ulendo wake wochoka ku Tete kupita ku Kilwa.

Zaka za m'ma 1800 zinapeza ufumu utagawikana kale. Angoni analowa ndi mikondo, Ayao anabwera ndi mfuti ndi malonda a akapolo. Sosola, Kalonga wotsiriza wa mpando wakalewo, anaphedwa pa nkhondo ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene m'mbali mwa nyanja ku Salima mulili mafumu achiyao ndi achichewa moyandikana.

Dzina laulemu linatsatira kumene kunapita Nyangu. Lero Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse pa mwambo wa Kulamba, kukagwadira Kalonga Gawa Undi. Mu 2007 kunafika Bingu wa Mutharika, Levy Mwanawasa ndi Armando Guebuza, atsogoleri atatu a mayiko atatu, pabwalo la mfumu imodzi. Mabasi a ku Salima nawonso amanyamuka ulendo wa ku Mkaika, atanyamula mafumu, ovina chisamba ndi zilombo za Gule Wamkulu, kudzera ku Lilongwe ndi pachipata cha Mchinji.